Machila, matola ndi kabaza: mbiri ya maulendo ku Phalombe

Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata womwe kale unali njira yaikulu ya dera lonse la Phalombe. Amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankadzera pamenepa polowera kugombe la Quelimane ku Mozambique, katundu pamutu, anthu m'magoli. N'chifukwa chake mu 1893 Angerezi anamangapo linga la Fort Lister kuti atseke njirayo. Mabwinja ake alipobe, pamodzi ndi manda a Gilbert Stevenson, mbale wake wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson.

Mlendo wa nthawi imeneyo, ngati anali mzungu, ankayenda pamachila. Nsalu yolimba ankaimangirira ku mtengo wautali, bwana n'kugonamo, amuna n'kusenza pamapewa, akusinthana ali chithamangire uku akuimba. Pambuyo pankabwera atengatenga ndi mabokosi, mahema ndi zakudya. Bwanayo ankalemba m'buku kuti wayenda mtunda wautali, koma zotupa zinali mapazi a ena.

Galimoto zitabwera, zambiri zinaukana mpatawo n'kumazungulira m'munsi mwa phiri. Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje mpaka 1998, ndipo msewu wake unali wafumbi: m'chilimwe munthu ankatsika atatuwa mpaka nsidze, m'dzinja matayala ankatitimira m'makande. Apa m'pamene matola anatchukira. Alendo ochepa ofuna kukwera phiri ankapanikizana kumbuyo kwa pikiyapu ndi matumba a nandolo komanso madengu a matemba a ku Chilwa, ndipo galimoto sinkanyamuka isanadzaze. Napolo wa mu Marichi 1991, yemwe anatsika m'Michesi n'kupha anthu mazanamazana, anakokololanso milatho, dera n'kutsala lokhalokha.

Msewu watala wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale unalonjezedwa pamisonkhano yandale yosawerengeka, ndipo ntchito yake inadya zaka zoposa 10. Koma utatheka unasinthadi zinthu. Lero munthu akhoza kukwera minibasi ku Limbe m'mawa, kusintha pa Chitakale, n'kudyera nkhomaliro ku Migowi. Tsoka lake n'loti phula limathera pamsewu waukulu pomwepo, pomwe zokopa alendo zili kumbali. Wofuna kukaona Fort Lister amakambirana mtengo ndi wakabaza wa njinga yamoto, n'kumagwiritsa pachitsulo pamene njingayo ikulimbana ndi miyala ya chitunda. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anaonongeratu njira zambiri zoterezi, makamaka za cha ku Nkhulambe. Kuchokera palingapo kupita ku kanyumba kogona alendo ka Sombani kulibe za injini. Ndi wapansi basi, kutsogolo woperekeza wodziwa phiri, chikwama chili pamsana pa mnyamata wa m'mudzi wapafupi, yemwe masiku ano amayamba wamva kaye malipiro asanasenze.

Kumpoto nkhani ndi ya madzi. Okonda kuona mbalame amalowera ku nyanja ya Chilwa, yomwe ili m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Kumeneko asodzi ndiwo amanyamula alendo pabwato, akukankha ndi nsungwi yaitali poti nyanjayi ndi yosaya. Ulendowu umadalira mvula ya chaka chimenecho. Mu 1995 nyanja inaphweratu, mu 2018 inatsala pang'ono, ndipo mabwato anangoti mbwee pamatope ouma, njinga zikudutsa pomwe asodzi ankaponya makoka.