Mbiri ya Tinjerwa ta Ana ndi Bokosi Lace

Madzulo ano tikamba za kanthu kakang'ono koti mwana akafumbata m'dzanja sikaoneka, ndiko kanjerwa koseweretsa kamene ana amangira tinyumba, timilatho ndi timagalimoto. Mmisiri ali yense womanga nyumba adziwa kuti nchito siyamba pa tsiku loika njerwa yoyamba iai. Iyamba pamene asanja njerwa zace, zopsa bwino pa zokha, zosweka pa zokha, kuti dzanja likatambasuka lipeze cimene lifuna. Tsono mbiri ya tinjerwa ta ana iri cimodzi-modzi. Amene afuna kuimvetsa ayang'ane zinthu ziwiri, kanjerwa ndi bokosi losungiramo, pakuti ziwirizi zakhala zikulimbana kwa zaka pafupi-fupi 200.

Tiyambe ku dziko la Germany. Kumeneko kunali mphunzitsi dzina lace Friedrich Fröbel, amene m'caka ca 1837 anatsegula nyumba yosewereramo ana ang'ono m'tauni ya Bad Blankenburg, ndipo m'caka ca 1840 anaipatsa dzina lakuti Kindergarten, ndiko kunena kuti munda wa ana. Zoseweretsa zimene anakonzera anawo anazicha mphatso. Mphatso yacitatu inali timitengo 8 tofanana mbali zonse, tosanjikizidwa bwino m'kabokosi. Mwana sanali kuloledwa kukhuthula timitengoto monga akhuthulira cimanga pa mphasa. Anali kubvundikira kabokosi pa tebulo, nasolola cibvundikiro, nanyamula kabokosiko pang'ono-pang'ono, kuti timitengo tonse 8 tioneke titagwirizana ngati cinthu cimodzi. Atatha kusewera anali kutisanjanso monga tinaliri, natibwezera m'malo mwace. Kwa Fröbel kulongedza kunali mbali ya phunziro: mwana aone kuti cinthu cathunthu cigawika, ndi kuti zogawikazo zibwereranso pamodzi.

Pambuyo pace abale awiri, Otto ndi Gustav Lilienthal, anapeza njira youmbira timiyala tomangira, posanganiza mcenga, coko ndi mafuta a mbeu ya fulakisi. Otto ndi yemwe uja anachuka pambuyo pace cifukwa ca kuyesa kuuluka ndi mapiko odzipangira. Pa malonda abalewa analephera, nagulitsa luso lao kwa Friedrich Adolf Richter wa ku Rudolstadt, amene kuyambira caka ca 1880 anayamba kugulitsa timiyalato, ndipo tinadziwika ndi dzina lakuti Anker. Tinali ta maonekedwe atatu, tofiira, tacikasu ndi tobiriwira ngati mtambo. Bokosi liri lonse linali ndi cithunzi cosonyeza malo a kamwala kali konse, pakuti ukalakwitsa kusanja cibvundikiro sicinali kutseka. Cotero mwana anali kudziwa tsiku lomwelo ngati kamodzi kasowa. Koma timiyalati tinali ndi bvuto limodzi: sitinali kugwirana. Mphaka akakhudza tebulo, nyumba ya tsiku lonse inali kugwa.

Tsopano tiwoloke kunka ku Denmark, ku kamudzi ka Billund, m'dera la chire ndi mcenga la Jutland. M'caka ca 1916 mmisiri wa matabwa, Ole Kirk Christiansen, anagula nyumba yogwiriramo nchito m'mudzimo. Munthuyu anaona mabvuto. M'caka ca 1924 nyumba yace inapsa ndi moto. M'caka ca 1932, pamene malonda anali atagwa pa dziko lonse ndipo anthu analeka kumangitsa nyumba, mkazi wace anamwalira, namsiyira ana amuna anai. M'caka comweco anayamba kusema zoseweretsa za matabwa, ndipo m'caka ca 1934 anacha nchito yace LEGO, kucokera ku mau awiri a cinenero ca kwao otanthauza kuti sewera bwino. Anthu a pa kampaniyo asimba kuti tsiku lina mwana wace Godtfred anapaka abakha a matabwa vanishi kawiri m'malo mwa katatu, nadzitama kuti wapulumutsa ndalama; koma atate wace anamtuma kukatenga abakha onse ku siteshoni ya sitima, kuti awapake kacitatu asanagone.

Moto unabweranso m'caka ca 1942, koma Ole anamanganso. M'caka ca 1947 analandira makina oumbira pulasitiki ocokera ku England. Apa tiyenera kunena cilungamo: nzeru ya kanjerwa ka timitu tozungulira pamwamba siinabadwire ku Billund. Mngelezi wina, Hilary Fisher Page wa kampani ya Kiddicraft, anali atayamba kale kupanga tinjerwa totere, ndipo toyamba ta LEGO, ta m'caka ca 1949, tinatsanzira tace. Page anamwalira m'caka ca 1957, ndipo kampani ya LEGO inagula ufulu wa luso lace m'caka ca 1981. Tinjerwa toyambato tinali tamphako kunsi, tosagwirana zolimba, ndipo eni masitolo ambiri anatibweza.

Cimene cinasintha zinthu cinali kuceza kwa pa ulendo. M'caka ca 1954 Godtfred anakwera sitima ya pamadzi kunka ku England, nakomana ndi Troels Petersen, wogulira zoseweretsa sitolo yaikulu ya Magasin du Nord ku Copenhagen. Petersen anadandaula kuti zoseweretsa zonse ziri zobalalika, ici pa cokha, ico pa cokha, popanda dongosolo lozimanga pamodzi. Godtfred anawasunga mauwa. M'caka ca 1955 anatulutsa mabokosi 28 ogwirizana, omangira tauni yathunthu, pa lamulo lakuti kanjerwa ka m'bokosi lina kalowane ndi ka m'bokosi lina liri lonse. Ndipo pa 28 Januwale 1958 analembetsa ku boma luso latsopano: anaika timapaipi kunsi kwa kanjerwa, kuti timitu ta kanzace tipanikizike pakati pa timapaipito ndi zipupa. Atate wace anamwalira patangopita masabata 6. Moto wacitatu, wa m'caka ca 1960, unapsereza nyumba yosungiramo zoseweretsa za matabwa, ndipo kampani inaleka matabwa, niika mtima wonse pa pulasitiki.

Muyeso wa m'caka ca 1958 sunasinthe. Kucokera pakati pa kamutu kamodzi kufika pakati pa kanzace ndi mamilimita 8. Msinkhu wa kanjerwa, osawerengera timitu, ndi mamilimita 9.6, ndipo tophwatalala titatu tikasanjikizana tilingana ndi kanjerwa kamodzi. Kanjerwa kamene agogo anaseweretsa ali mwana kalowana ndi kamene mdzukulu wagula dzulo. Tinjerwa tiwiri ta timitu 8 tilumikizika m'njira 24, titatu m'njira 1,560. Za tinjerwa 6 kampani inali kunena ciwerengero ca 102,981,500, cimene cinawerengedwa m'caka ca 1974. Koma patapita zaka 30 katswiri wa masamu wa ku Copenhagen, Søren Eilers, anaona kuti anawerenga nsanja zoongoka zokha, napeza kuti njira zonse ndi 915,103,765.

Koma taonani, omvera, walira mvula walira matope. Dongosolo lomwelo limene linalemeretsa Billund ndilo linapha bokosi la Fröbel. Popeza kanjerwa kali konse kalowana ndi kanzace, palibe cifukwa cobwezera kali konse m'bokosi lace. Mabokosi asanu a zaka zisanu asanduka mulu umodzi. M'zaka zoyamba kampani inali kugulitsanso mabokosi a matabwa a zipinda-zipinda, ndipo anali kukwanira, pakuti mitundu ya tinjerwa inali yowerengeka. Koma panabwera magudumu m'caka ca 1962, tinjerwa tikulu-tikulu ta makanda ta Duplo m'caka ca 1969, ndi tianthu ta manja ndi miyendo yoyenda m'caka ca 1978, pamodzi ndi zisoti, malupanga ndi zikho zao. Mulu unakula, ndipo mwana anayamba kutaya nthawi yambiri pofufuza koposa pomanga.

Anthu amene asunga tinjerwa zikwi-zikwi, ndipo ambiri a iwo ndi akulu-akulu a ndebvu, kawiri-kawiri ayenda njira imodzi. Poyamba athira zonse m'bokosi limodzi, ndipo kwa mwana wamng'ono palibe coipa, pakuti pobvundula apeza cimene sanali kufuna, namanga cimene sanali kuganiza. Mulu ukakula asankha potsata maonekedwe, tofiira pa tokha, toyera pa tokha, cifukwa kutero kukondweretsa maso. Koma posacedwa azindikira kuti adzinyenga. Kupeza kanjerwa kakang'ono kofiira pakati pa tofiira 1,000 nkobvuta, pakuti tating'ono timira pansi ndipo diso liribe pogwira. Koma kupeza kofiira pakati pa tinjerwa ta muyeso umodzi ta maonekedwe osiyana-siyana nkosabvuta konse, cifukwa diso lithamangira maonekedwe lisanazindikire kaumbidwe. Cifukwa cace odziwa asankha potsata kaumbidwe: tinjerwa, tophwatalala, topendekeka ta madenga, magudumu, tianthu. Dirowa lina likadzala ndipo pamene aligawanso. Amene afulumira kugawa kanthu kali konse pa kokha apeza kuti ali ndi madirowa 500 ndi mwana woopa kuwatsegula.

Mungaganize kuti bvutoli ndi la m'nyumba mokha, koma linatsala pang'ono kugwetsa kampani yeni-yeniyo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 eni ace anagwira izi nagwira izo, zobvala, mawochi, minda yosangalaliramo, ndipo amisiri ao anali kutulutsa tizidutswa tatsopano monga afunira. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Pofika caka ca 2004 mitundu ya tizidutswa inali itapitirira 12,000, pamene m'caka ca 1997 inali pafupi-fupi 6,000. Kaumbidwe kali konse katsopano kafuna cikombole cace ca citsulo, ca mtengo wapatali, ndiponso malo ace m'nyumba yosungiramo katundu. Ndipo kadutswa kamodzi kakasowa, bokosi lonse silingatumizidwe ku sitolo. M'caka cimeneco kampani inataya ndalama zoposa mamiliyoni 1,900 a makrone a ku Denmark. Mwini wace, Kjeld Kirk Kristiansen, mdzukulu wa Ole, anapereka utsogoleri kwa mnyamata wa zaka 35 wosakhala wa m'banjamo, Jørgen Vig Knudstorp. Iyeyu anacita cimene mai acita ndi dengu la nyemba: anasankha. Anacepetsa mitunduyo kufika pafupi-fupi 7,000, ndipo m'caka ca 2005 minda ya Legoland inagulitsidwa. Amisiri anadandaula poyamba, koma kampani inacira, nikula koposa kale.

M'nyengo yomweyo kampani inasintha pang'ono maonekedwe a tinjerwa totuwa, ndipo kufikira lero osunga tinjerwa apenyetsetsa pa kuwala kwa dzuwa kuti alekanitse kutuwa kwakale ndi kwatsopano. Ena atopa, natuma makina. Jacques Mattheij wa ku Netherlands anagula matani awiri a tinjerwa tosanganikirana, ndipo m'caka ca 2017 anaonetsa makina a kamera ndi kompyuta amene anapanga otisankha. M'caka ca 2019 Daniel West wa ku Australia anaonetsa makina ena, omangidwa ndi tinjerwa tomweto, ogawira tizidutswa m'zotengera 18, kadutswa kamodzi pa masekondi awiri ali onse.

Za kasungidwe, malamulo ndi owerengeka. Kuyambira caka ca 1963 tinjerwa tambiri tiumbidwa ndi pulasitiki yolimba yochedwa ABS, imene siipindika msanga monga yakale ija. Koma dzuwa liisandutsa yacikasu, maka-maka toyera, totuwa ndi tobiriwira ngati mtambo, cotero malo ace si pa zenera. Potsuka, madzi asatenthe kuposa madigiri 40. Ndipo tizidutswa tating'ono tikhale kutali ndi khanda lokwawa, pakuti kwa khanda kanthu kali konse njira yace ndi ya kukamwa.

Pali cifukwa cina cacikulu cosungira bwino. Pa 13 Febuluwale 1997 funde lalikulu linamenya sitima ya katundu yochedwa Tokio Express pafupi ndi Land's End, ku Cornwall m'dziko la England, ndipo mabokosi a citsulo 62 anagwera m'nyanja. M'limodzi la iwo munali tizidutswa ta LEGO pafupi-fupi mamiliyoni 4.8. Zapita zaka zoposa 25, koma anthu akali kutola timaluwa ndi tinsapato tosambirira pa magombe a kumeneko. Ophunzira a pa yunivesite ya Plymouth anayesa tinjerwa totoledwa pa gombe, nanena m'caka ca 2020 kuti m'nyanja tingakhale zaka 100 kufikira 1,300. Ng'ombe ya dothi imene mwana aumba ku dambo ibwerera ku dothi ndi mvula yoyamba. Kanjerwa ka pulasitiki kakatayika katsala, ife tonse titapita.

Tsono inu makolo ndi aphunzitsi amene muli nato tinjerwati m'nyumba kapena m'sukulu, musayese kulongedza cilango ca pambuyo pa masewera. Mphunzitsi wa ku Bad Blankenburg anaona bwino. Mwana amene asankha tinjerwa ali kuwerenga, ali kuyerekeza, ali kuweruza kuti ici cifanana ndi ico m'ciani, ndipo asiyira mng'ono wace cuma cathunthu m'malo mwa zotsala. Mpatseni zotengera zowerengeka, zoti dzanja lace lifika, ndipo mumlole achule yekha maina a magulu ace. Nthawi yathu yatha. Tsalani bwino nonse, mugone bwino.