Paris–Brest–Paris: ulendo wautali wa pa njinga umene si mpikisano

Paris–Brest–Paris ndi ulendo wa njinga za kapalasa umene umacitika ku France kamodzi pa zaka zinayi zilizonse, mwezi wa Ogasiti. Anthu amanyamuka pafupi ndi mzinda wa Paris kupita ku Brest, doko la m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, n'kubwereranso. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 1,200. Koma si mpikisano ayi. Wofika koyamba ndi wofika kumapeto, onse amalandira mendulo, bola afike nthawi isanathe.

Ciyambi cake

Ulendowu unayamba mu 1891. Anauyambitsa ndi mtolankhani Pierre Giffard wa nyuzipepala ya Le Petit Journal, pofuna kuonetsa kuti njinga ingathe kuyenda mtunda wautali. Nthawi imeneyo unali mpikisano weniweni, ndipo Charles Terront anapambana atapalasa maola opitirira 71. Mu 1931 bungwe la Audax Club Parisien linatsegulira njira anthu wamba ofuna kungomaliza ulendo. Akatswiri olipidwa anapikisana komaliza mu 1951.

Malamulo ake

Ambiri amapatsidwa maola 90. Wochi siima: kaya munthu akudya, akumata cubu kapena wagona, nthawi ikuwerengedwabe. N'cifukwa cake ena amangogona ola limodzi kapena awiri pansi m'holo ya sukulu, mwinanso pa udzu m'mbali mwa msewu, basi n'kudzuka kupitiriza.

Aliyense amanyamula khadi limene amadinditsa pa malo oikika a m'njira. Cidindoco ndiye umboni woti sanadule njira. Thandizo la galimoto ya abale limaloledwa pa malo amenewa pokha. Tayala likaphwa pakati pa ulendo, mwini njinga akonza yekha, kapena mnzake wa pa njinga amuthandiza. Usiku pamafunika nyale kutsogolo ndi kumbuyo, komanso covala cowala.

Angapite ndani?

Munthu sangangodzuka n'kulembetsa. Caka comweco ayenera kuyamba wamaliza maulendo anayi: makilomita 200 m'maola 13 ndi theka, 300 m'maola 20, 400 m'maola 27, ndi 600 m'maola 40. Maulendo oterewa amacitika m'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa.

Mu 2019 ananyamuka anthu oposa 6,000, koma si onse anamaliza. Cimene cimagonjetsa ambiri si kucedwa kupalasa, koma tulo, mawondo, khosi ndi mimba yokana cakudya. Pothandiza, anthu a m'midzi ya cigawo ca Bretagne, kumene kuli Brest, amaika matebulo pakhomo usiku wonse, kumagawira alendowo madzi ndi khofi. Ulendo womaliza unacitika mu 2023. Wotsatira udzakhala mu 2027.