Amayi Ovala Zakuda ndi Amene Anawatsatira

Mu Januwale 1988, patangotha mwezi Apalestina atayamba kuukira ulamuliro wa Israel, amayi ochepa achiyuda anaima pamphambano mumzinda wa Jerusalem atavala zakuda ngati anamfedwa. Sanaimbe kapena kukuwa. Anangonyamula zikwangwani zooneka ngati chikhatho, zouza boma lawo kuti lichoke m'madera a Apalestina. Odutsa ankawatukwana, koma Lachisanu lililonse amayiwo ankabweranso. Gululi ndi limene linatchedwa Women in Black.

Mu 1994 bungwe la Bat Shalom la ku Israel ndi la Jerusalem Center for Women la Apalestina anayamba kugwira ntchito limodzi. Koma amene anagwedezadi boma ndi a Four Mothers. Mahelikopita awiri atawombana mu Febuluwale 1997 n'kupha asilikali 73 opita ku Lebanon, amayi a asilikali anafunsa poyera chimene ana awo ankafera kumeneko. Anakakamira mpaka Israel inachotsa asilikali ake mu Meyi 2000. Chaka chotsatira amayi a Machsom Watch anayamba kuima pamarodibuloko ndi makope m'manja, kulemba mmene asilikali ankachitira ndi Apalestina opita kuntchito kapena kuchipatala.

Ife a ku Mwanza nkhondo sitiimvera pawailesi pokha. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique anansi athu a ku Tete anadzaza midzi ya m'malire, mayi mwana kumbuyo, poto pamutu. Mu 2016 tinaonanso zomwezo kwa Kapise, anthu oposa 10,000, ambiri amayi ndi ana, ena n'kusamutsidwira ku Luwani. Komatu mgwirizano wamtendere wa ku Rome wa 1992 anasainira ndi amuna, Chissano wa Frelimo ndi Dhlakama wa Renamo. Wosenza katundu ndi wina, wokhala pabwalo la zokambirana ndi winanso, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pali chilonda.

Chilonda chomwechi ndicho chinabala gulu la Women Wage Peace ku Israel mu 2014, nkhondo ya ku Gaza itangotha. Iwo sakungopempha kuti mfuti zileke kulira, akufuna mpando pokambiranapo, monga linanenera bungwe la United Nations m'chigamulo 1325 cha mu 2000. Mu 2021 Reem Hajajreh, wa mumsasa wa othawa kwawo wa Dheisheh ku Bethlehem, anayambitsa gulu la amayi a ku Palestine la Women of the Sun, ndipo magulu awiriwa anakhala pachibale.

Pa 4 Okutobala 2023 anasonkhana ku Jerusalem ndi kugombe la Nyanja Yakufa. Patangopita masiku atatu, zigawenga za Hamas zinapha Vivian Silver, gogo wa zaka 74, kunyumba kwake ku Be'eri. Anali mmodzi mwa oyambitsa Women Wage Peace, ndipo ankanyamula odwala a ku Gaza pagalimoto yake kupita nawo kuzipatala za ku Israel. Nkhondo yotsatira inapha anthu zikwizikwi ku Gaza, kuphatikizapo amayi a Women of the Sun. Maliro anagwa mbali zonse ziwiri, koma magulu awiriwa sanalekane.