Chimene Sikelo ya ku Thyolo Sinkayeza

Tiyi amene timamwa tikabwerako ku swala ya m'bandakucha, kapena amene timatsitsira futali m'mwezi wa Ramadhan, wambiri amachokera ku mapiri a Thyolo ndi Mulanje. Ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, deralo timalidziwira m'kapu. Komatu m'minda yobiriwirayo muli mbiri ina imene ikukhudza makomo athu lero. Ndi mbiri ya matenda okhumudwa, amene m'Chingerezi amatchedwa depression: momwe anakhalira zaka zambiri osawerengedwa kuti angagwire munthu wakuda, ndi momwe mankhwala ake anafikira m'zipatala zathu. Tikaidziwa mbiriyi tidzaona chifukwa chake mankhwalawa tiyenera kuwalandira mopanda manyazi, ndiponso kuwagwira mosamala.

Tiyi anayamba kuyesedwa ku mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown anamubzala ku Mulanje. Ku Thyolo, kumene atsamunda ankalemba kuti Cholo, mbewuyi inafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo minda inanka nikula. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923. Malo aakulu a m'bomali anali m'manja mwa makampani ndi Azungu ochepa. Munthu wokhala pa malowo ankalipira lendi ndi thukuta lake, mchitidwe umene unatenga dzina lakale la kuthandizana kwa pachibale, thangata, n'kulisandutsa goli. Ambiri mwa antchito anali Alomwe ochokera ku Mozambique, ndipo panalinso Amang'anja eni dera, Ayao ndi Angoni ofuna ndalama ya msonkho.

Ntchito ya tiyi imachuluka nthawi ya dzinja, pamene munda wa wantchito mwini ukufuna khasu ndipo nkhokwe yatha. Wothyola ankalowa m'mizere kusanache, dengu kumsana, n'kumabudula masamba awiri ndi kansonga kake mpaka nthawi yopita ku sikelo. Kumeneko kalaliki ankalemba kulemera kwa masamba, ndipo tsikulo linkadindidwa pa tikiti. Chilonda cha pamwendo chinkaoneka, malungo ankamveka pogwira pamphumi. Nanga munthu amene tulo tamuthawa, nsima sikumukomera, manja alefuka popanda chotupa chilichonse, ankamuika m'gulu liti? M'dongosolo lowerenga madengu ndi masiku, dzina limene linali pafupi ndi lakuti waulesi. Sikelo inkayeza masamba, koma kulemera kwa mumtima kunalibe poilemba.

Boma la atsamunda linali ndi malo ake a odwala misala. Mu 1910 linatsegula malo otere ku Zomba, moyandikana ndi ndende yaikulu ndiponso pansi pa oyang'anira ndende. Ofika kumeneko kawirikawiri anali amene asokoneza mtendere: wovulaza mnzake, wotentha nyumba, woyendayenda m'tauni akulalata. Mu 1936 madokotala awiri, Shelley ndi Watson, anasindikiza zimene anapeza atapima anthu a m'malowo, ndipo patapita zaka wolemba mbiri Megan Vaughan anafufuza zolembedwa zakalezo n'kusonyeza kuti cholinga chachikulu chinali kutsekera, osati kuchiza. Wodwala mwakachetechete, wongokhala m'chithando akuyang'ana pansi, sankavutitsa boma, choncho sankafika ku Zomba ndipo sankalowa m'mabuku.

Kusaoneka m'mabukuku kunabala chiphunzitso cholakwika. Mu 1953 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasindikiza buku la J. C. Carothers, amene anayang'anirapo chipatala cha Mathari ku Nairobi. Iye ankaphunzitsa kuti matenda okhumudwa ndi osowa pakati pa anthu a mu Africa. Chaka chomwecho ku Zomba kunatsegulidwa chipatala chatsopano cha matenda a maganizo, chimene chikugwira ntchito mpaka lero. Chaka chomwechonso, mu Ogasiti, anthu a ku Thyolo anaukira chifukwa cha malo, thangata ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ena anaphedwa. Mkwiyo wa anthu a m'maesiteti boma linauona n'kuutumizira apolisi ndi asilikali. Chisoni chawo akatswiri a nthawiyo anati kulibe.

Chiphunzitsochi sichinakhalitse. Ku Nigeria, Dokotala Thomas Adeoye Lambo anayamba mu 1954 kuchiza odwala akukhala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro pamodzi ndi abale awo, ndipo anatsutsa maganizo a Carothers. Ku Ghana, Margaret Field anakhala pa malo a asing'anga akumvetsera odzafuna thandizo, ndipo m'buku lake la mu 1960 anafotokoza kuti amayi ambiri ofika kumeneko anali ndi matenda okhumudwa enieni. Odwala analipo kuyambira kale, kungoti ankapita kwina, ndipo ululu wawo ankaufotokoza m'mawu ena: mutu, mtima kugunda, kutentha m'thupi, kulodzedwa, kuganiza kwambiri.

Ife Asilamu nkhaniyi sitiyenera kuiona ngati yachilendo. Zaka zoposa 1000 zapitazo, Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba buku la chisamaliro cha thupi ndi mzimu. M'menemo anasiyanitsa chisoni chokhala ndi chifukwa chodziwika, monga imfa ya wokondedwa kapena kutayika kwa chuma, ndi chisoni chogwera munthu popanda chifukwa chooneka n'kumulanda mphamvu ndi chimwemwe. Chachiwirichi anati gwero lake lili m'thupi, ndipo chimafuna chithandizo cha thupi pamodzi ndi mawu olimbikitsa. Ku Cairo, chipatala chimene Sultan Qalawun anamanga mu 1284 chinkalandiranso odwala maganizo. Choncho tikamauza m'bale wathu kuti kukhumudwa kwake ndi kuchepa kwa imani basi, tikutsalira m'mbuyo mwa akatswiri athu omwe.

Mankhwala amene tili nawo lero anapezeka mosayembekezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, madokotala a ku America anaona kuti odwala chifuwa chachikulu opatsidwa iproniazid ankasangalala ndi kuchangamuka kuposa mmene mapapo awo ankachirira. Ku Switzerland, Roland Kuhn wa pa chipatala cha Münsterlingen anayesa imipramine ndipo mu 1957 analengeza kuti amathandiza okhumudwa. Mbale wake wa mankhwalawa, amitriptyline, anavomerezedwa ku America mu 1961, ndipo fluoxetine, wodziwika ndi dzina la malonda la Prozac, anavomerezedwa mu 1987. Awiriwa, amitriptyline ndi fluoxetine, ndiwo ali m'ndondomeko ya chithandizo ya Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu. Amathandiza timadzi tonyamula uthenga mu ubongo, makamaka serotonin, kuti tikhalitse pamene tikufunika.

Thangata anathetsedwa mu 1962, koma funso lakuti kodi anthu a ku Thyolo amadwala matendawa linadzayankhidwa ndi ziwerengero patapita zaka zoposa 40. Gulu la akatswiri, mwa iwo Robert Stewart, Felix Kauye ndi Eric Umar, linamasulira m'Chichewa mafunso 20 a WHO okhudza tulo, chakudya, kulira, kutopa ndi maganizo ofuna kudzipha. Linafunsa amayi pafupifupi 500 obwera ndi makanda ku sikelo ya ana pa chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo zotsatira zinasindikizidwa pakati pa 2008 ndi 2010. Mwa amayi khumi aliwonse, oposa mmodzi anapezeka ndi matenda okhumudwa aakulu. Vutoli linkachuluka pakati pa osauka ndi opanda munthu womuululira zakukhosi, ndipo ana a amayi ovutika maganizo ankaonetsa kupinimbira kuposa anzawo. M'boma lomwe lija sikelo inkayeza masamba okha, sikelo ya ana inasonyeza kuti kuvutika kwa mtima wa mayi kumaonekera pa msinkhu wa mwana.

Kuchokera ku Thyolo kafukufukuyu anatsikira kwathu kuno. Pa chipatala cha boma cha Mangochi amayi oyembekezera anafunsidwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo pafupifupi mmodzi mwa khumi anapezeka ndi matenda okhumudwa aakulu, makamaka osowa owachirikiza ndi ochitiridwa nkhanza m'banja. Nkhope zake tikuzidziwa: mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, msodzi amene nkhongole ya ukonde yamupanikiza usipa utasowa, mnyamata wobwezedwa kumudzi chimanjamanja. Chisoni cha masiku ochepa ndi gawo la moyo. Koma munthu akatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, osakondwa ndi chilichonse, tulo ndi chakudya zitasokonekera, nthawi yakwana yomuperekeza kuchipatala. Si onse adzapatsidwe mankhwala, pakuti ambiri amene matenda awo sanakule amathandizika ndi uphungu.

Kwa amene dokotala wawalembera mankhwala, choyamba ndi kupirira. Mankhwalawa sali ngati panado. Phindu lake limayamba kuoneka pakatha masabata 2 mpaka 4, nthawi zina 6, pamene zovuta zake zimafulumira kubwera. Amitriptyline amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo amagonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Msodzi wopita panyanja usiku, woyendetsa galimoto kapena wa kabaza auze dokotala za ntchito yake asanayambe kumwa. Fluoxetine kawirikawiri amamwedwa m'mawa, ndipo masiku oyamba angadzetse nseru, mutu kapena kusowa tulo. Zambiri mwa izi zimachepa thupi likazolowera. Zikakula, njira ndi kubwerera kuchipatala, osati kudzichepetsera kapena kudziwonjezera mlingo. Munthu akapeza bwino apitirize kwa miyezi yosachepera 6, ndipo posiya atsike pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadwalitsa ndipo matenda amabwerera msanga.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha, ndipo mapiritsi ochepa okha ndi oopsa kwa mwana. Mankhwalawa ali kale m'nyumba zambiri, pakuti amaperekedwanso pa mlingo wochepa kwa odwala kuyaka kwa mapazi. Tiwasunge pokiya, kutali ndi ana. Ngati wodwala ananenapo za kudzipha, m'bale wodalirika asunge mankhwalawo ndi kumamupatsa a tsiku limodzi lokha. Wina akamwa opitirira muyeso tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka bwino. Tisagule mankhwalawa pamsika, ndipo tisagawire mnzathu poti nayenso sakugona.

Chachitatu ndi kunena zonse kwa dokotala: vuto la mtima, khunyu, pathupi, kuyamwitsa, ma ARV, mankhwala a TB, mankhwala opha ululu monga tramadol, ngakhalenso mizu ya kwa asing'anga. Amene anakhalapo ndi nyengo ya kusangalala kopyola muyeso, osagona koma osatopa, akuyankhula ndi kumwaza ndalama mosadziletsa, anene zimenezi, chifukwa mankhwalawa paokha angadzutse vutolo. M'masabata oyamba banja liyang'anitsitse wodwala, makamaka wosakwana zaka 25, pakuti ena amasowa mtendere ndipo maganizo odzivulaza amakula mankhwala asanayambe kuthandiza. Kumufunsa m'bale mwachifatse ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata woyankhula.

Mwezi wa Ramadhan umabweretsa funso lake. Popeza mankhwalawa kawirikawiri amamwedwa kamodzi patsiku, nthawi zambiri n'zotheka kuwamwa pakati pa futali ndi daku. Koma kusintha nthawi tikambirane ndi dokotala mwezi usanaoneke, pokumbukira kuti amitriptyline amawonjezera ludzu ndi chizungulire pa kutentha kwa kunyanja kuno. Ngati kusala kukukulitsa matenda, Chisilamu chinapereka kale chilolezo kwa wodwala, ndipo mashehe athu angatiunikire za kubweza masiku. Choopsa ndi kusiya mankhwala mwezi wathunthu mobisa. Dua ndi swala zipitirire pamodzi ndi chithandizo, monga timachitira ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Piritsi silibweza mwamuna wa ku Joni, silithetsa nkhongole ndipo sililetsa nkhanza. Limabwezera munthu tulo ndi mphamvu kuti athe kulimbana ndi zimenezo, ndipo zotsalazo zimafuna anthu. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera ovutika maganizo, njira imene yayesedwanso m'zipatala zina za m'dziko muno. Kafukufuku wa ku Thyolo uja anasonyeza zomwezo, kuti wosowa womuululira ndiye amavutika kwambiri.

Wothyola tiyi wa mu 1930 analibe dzina la matenda ake, analibe mankhwala, ndipo madokotala a nthawi yake ankakana kuti angadwale chotero. Ife tili ndi dzinalo m'chiyankhulo chathu, tili ndi anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma, ndipo tili ndi mankhwala. Kwatsala kuti m'bale akasowa pa khonde la mzikiti Lachisanu kangapo, kapena mlongo akaleka kutuluka m'nyumba, tisafulumire kumutcha waulesi monga ankachitira pa sikelo paja. Tipite tikamuone, timuperekeze kuchipatala, ndipo akapatsidwa mankhwala timuthandize kuwamwa moyenera mpaka tsiku limene dokotala adzanene kuti akwana.