MLANDU WA MALIRE A MUMLENGALENGA

 Lero tikamba za mlandu wa malire, koma si malire a minda ayi.

Mukudziwa kuti m'dzinja mphezi ikang'anima, wailesi imathetheka pa siteshoni iliyonse imene mwatsegula. Chifukwa chake n'chakuti magetsi akalumpha modzidzimutsa, phokoso lake limamwazika ponseponse. Makina oyamba otumizira mauthenga popanda waya ankagwira ntchito chomwecho. Ankathethetsa moto wa magetsi, ndipo wotumiza ankadina kachitsulo ndi chala, pena mwachidule pena motalikitsa, potsata zizindikiro za Morse. Ndi makina otere Marconi anaolotsa chilembo cha S pa nyanja ya Atlantic m'chaka cha 1901, kuchokera ku England kufika ku Newfoundland.

Posakhalitsa anthu wamba, makamaka ku America, anayamba kudzipangira makina awoawo panyumba mongokonda ntchitoyo. Tsono aliyense ankaphimba mawu a mnzake, ngakhale a sitima zapanyanja. Mu April 1912 sitima yotchedwa Titanic inamira, nafa anthu pafupifupi 1,500. Mauthenga anasokonezeka kotero kuti nyuzipepala zina zinalemba kuti onse apulumuka, ndipo ambiri anadzudzula anthu a makina apanyumbawo. Chaka chomwecho Boma la America linalamula kuti wotumiza aliyense akhale ndi chiphaso, ndipo anthu wambawo linawapatsa dera lawolawo mumlengalenga, monga mfumu igawira minda. M'chaka cha 1927 maiko anasonkhana ku Washington nagwirizana zoti makina othetheka aja athe pang'onopang'ono.

Makina atsopano a mavalavu ankatulutsa liwu limodzi loyera ngati likhweru. Komabe mlandu sunathe. Munthu akadina kachitsulo kaja, mphamvu inkabuka nthawi yomweyo, ndipo akakasiya inkaduka nthawi yomweyo. Kudzidzimutsa kumeneko ndi mphezi yaing'ono. Anansi otumiza pa malo oyandikana ankangomva kha! kha! kha! m'makutu, uthenga wawo n'kutayika.

Amisiri anapeza mankhwala ake. Anaika tizipangizo tochedwetsa magetsi, kuti liwu lizikwera ndi kutsika mofatsa, pa kanthawi ngati gawo limodzi la magawo 200 a sekondi. Likafatsa mopitirira, zilembo zimalowana ndipo wolandira amalephera kuziwerenga. Likafulumira, anansi amalira. Luso lagona pa kupeza pakati, ndipo okonda ntchitoyi amasamalabe zimenezi mpaka lero.

Chovuta pa mlanduwu chinali ichi: mwini makina sankamva phokoso lakelo. Ankadziwa pokhapokha mnansi atamuuza. Inu mafumu mwaweruzapo milandu yotere, pamene mwini mbuzi wagona tulo tabwino koma chimanga cha mnzake chikutha. Wanzeru ndi uja amene mnansi akadandaula amapita kukaona khola lake asanayambe kukana.