Choko cha azakhali anga

Azakhali anga anasunga kabokosi ka choko m'sutikesi mpaka tsiku lomwe anatisiya. Titakapeza, ena anaseka. Ine ndinakumbuka mmene ankabwerera kuchokera kusukulu, mawu atasasa, n'kukhala pakhonde osafuna kuyankhulitsidwa ndi wina aliyense.

Kwathu ndi ku Biriwiri, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, uku Malawi, uko Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Amozambiki pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ndipo Ntcheu inalandira ambiri zedi. Atasainirana mtendere ku Rome pa 4 October 1992, anayamba kubwerera kwawo. Anthu ankati tsopano dera lipumako.

Kenaka kunabwera 1994. Boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulaimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Inali nkhani yabwino, ineyo ndine mmodzi mwa amene anapindula. Koma paja walira mvula walira matope. Boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osadutsa ku koleji, n'kuwaphunzitsa masabata ochepa chabe. Azakhali anali m'gulu limenelo. Maphunziro enieni a ntchitoyi anadzawapeza kudzera mu pulogalamu ya MIITEP yomwe inayamba mu 1997, atayima kale kutsogolo kwa ana zaka zingapo.

Tangoganizani: mtsikana wongochoka kumene kusekondale, ana a Sitandade 1 opitirira 100, pansi pa mtengo, mphepo ya June ikuwomba kuchokera kumapiri. Madzulo mulu wa makope woti achonge pa koloboyi. Malipiro akachedwa, kwa akatapila. Zaka zomwezo Edzi inkatenga anzawo, ndiye kalasi ya malemu ankangoiphatikiza ndi yawo. Dzina la vuto lawo panalibe amene ankalitchula. Tinkangoti madamu ndi aukali, kapena akuti BP yakwera. Aphunzitsi aamuna ena anathawira ku kachasu, ife n'kumawapatsa maina onyoza.

Aphunzitsi akhala akulankhula ndithu. Mu 2017 bungwe lawo la TUM linatsogolera sitalaka pa nkhani ya ndalama za tchuthi. Mu 2021 linatsogoleranso ina pofuna alawansi yogwira ntchito pachiwopsezo cha Covid-19. Koma sitalaka imakamba za ndalama. Za munthu amene sakugona usiku, amene mtima ukugunda akangomva belu, sizilembedwa pa chikwangwani. Thandizo la matenda a maganizo liliko, ku Zomba Mental Hospital komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma mphunzitsi wa ku Biriwiri asiyire ndani kalasi? Ndiye pali mantha aja akuti anthu aziti wapenga.

Chimene chinawagwira azakhali chinali chapafupi. Ahedi awo ena, ataona kuti zinthu sizili bwino, anawagawira mnzawo woti azithandizana kalasi. Makolo anaumba njerwa, nyumba ya aphunzitsi inamangidwa, ulendo wapansi wa m'mamawa unatha. Lachisanu lililonse aphunzitsi aakazi ankakumana pa banki m'khonde yawo. Azakhali ankati ndalama zinali zochepa, chachikulu kunali kukhuthulirana zakukhosi.

Inu amene mukuwerenga pafoni, zilembo izi anakuphunzitsani munthu. Ngati muli mu komiti ya sukulu kapena mwana wanu ali kupulaimale, mukapita kumsonkhano musangofunsa zotsatira za mayeso. Funsaninso kuti madamu ali ndi ana angati m'kalasi, amagona kuti, ndipo akadwala amawagwirira ndani. Ine mafunso amenewa sindinawafunsepo azakhali ali moyo. Kabokosi kaja ndinakatenga, kali pashelefu pamwamba pa mabuku anga.