Bangwe, Banjo ndi Limba M'chigwa cha Phalombe

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali mpata umene timautcha Fort Lister, potengera linga limene Angerezi anamanga pamenepo m'chaka cha 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo. Ukapolo utazilala, chigwa cha Phalombe chinaona ulendo wa mtundu wina. Kuyambira cha m'ma 1890 kufikira m'ma 1930, makolo athu Achilomwe ankalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, pothawa msonkho, chibalo ndi chikoti cha Apwitikizi. Munthu wothawa sasenza katundu wambiri. Komabe nyimbo zawo zinafika nawo limodzi, pakuti luso lopanga zoimbira linali m'manja mwawo, ndipo bango, zikho ndi mitengo anazipeza konse kumene anamanga.

Tikakamba za maimbidwe a Alomwe, ambiri amathamangira ku ng'oma za tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha anthu onse m'chaka cha 1914 ayi, koma cha 2014, patapita zaka pafupifupi zana chifikire eni ake. Tchopa ndi wa pabwalo, wa khamu. Ife pano tikufuna kukumbukira zoimbira zina zazing'ono, za pakhonde, zimene munthu ankaimba yekha dzuwa litalowa, popanda womulipira ngakhale womuombera m'manja.

Panali bangwe, thabwa lopyapyala lokhala ndi nsambo zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, limene nsonga yake ankailowetsa m'chikho, ndipo pambuyo pake m'chitini, kuti mawu amveke. Panali kaligo wa nsambo imodzi, wokhala ngati kang'oma kokutidwa ndi chikopa cha ng'azi, amene ankamukhwekhweza ndi kauta. Panali sansi, timano tachitsulo toimba ndi zala zazikulu. Ku minda, ana olondera mbalame ndi anyani ankayala zipika pa mathunthu awiri a nthochi n'kumaimba mangolongondo, kotero kuti ntchito ndi masewera zinali chinthu chimodzi. Ndipo panali nkangala, uta wa bango umene atsikana ndi amayi ankaugwiriza pakamwa. Mawu ake ndi apansipansi, moti amene amawamva bwino ndi woimbayo. Kodi chipangizo chotere chingakhale cha malonda? Ntchito yake inali yothetsa kusungulumwa, makamaka kwa mayi amene mwamuna wake anali ku minda ya tiyi ya ku Thyolo kapena ku migodi ya ku Joni.

Sukulu yophunzitsa zimenezi kunalibe, ndiponso panalibe msinkhu woikika woyambira. Munthu ankakhala pambali pa woimba, n'kumayang'ana zala zake. Mwini akapita kukasamba, iye ankatola chipangizocho n'kuyesa. Kulakwitsa sikunali mlandu, poti panalibe mayeso.

Mpingo wathu poyamba sunazilandire zoimbirazi, ndipo tiyenera kunena zimenezi poyera. Abambo a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi kutsegula mishoni ya Nguludi mu 1903. Chaka chomwecho, pa 22 Novembala, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, Papa Pius X analemba kalata yoletsa m'tchalitchi piyano, ng'oma ndi zina zaphokoso. Iye ankalimbana ndi nyimbo za m'nyumba za zisudzo za ku Italy, sankaganiza za Migowi kapena Chiringa. Koma lamulo likadutsa nyanja limafika lopanda chifukwa chake, ndipo kuno linakumana ndi mantha a amishonale akuti ng'oma ndi ya mizimu. Chimene chinaloledwa chinali chipangizo cha Azungu chopopa ndi mapazi, chimene ankachidziwa ndi mphunzitsi kapena sisitere. Chodabwitsa n'chakuti anthu athu anachipatsa dzina la kwawo, limba, ngati kunena kuti mlendoyu ali ndi abale ake kuno. Kuyambira pamenepo, komabe, maganizo atsopano analowa m'mitu mwathu, akuti kuimba chipangizo ndi ntchito ya ophunzira.

Anyamata sanadikire chilolezo cha wina aliyense. Asilikali obwera ku nkhondo itatha mu 1945, ndi amuna obwera ku Salisbury ndi ku Joni, anabweretsa banjo ndi gitala. Osowa ndalama anatenga chigubu cha mafuta, mtengo ndi waya wa mabuleki a njinga n'kupanga zawo. Mwa njira imeneyi munatuluka Allan Namoko wa ku Thyolo, Mlomwe wosaona, amene banjo yake ndi gulu la Chimvu River Jazz Band zinkamveka pa wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba akuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka anatha zaka zambiri akujambula oimba bangwe, nkangala ndi zina m'midzi ya chigawo cha kumwera. Zimatichititsa manyazi pang'ono kuti mlendo anaona mtengo wake wa zinthu zimene ife tinkazitcha zachikale.

Pa 4 Disembala 1963, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unatulutsa chikalata cha chipembedzo, Sacrosanctum Concilium. Ndime 119 inalamula kuti maimbidwe a mitundu ya anthu a m'maiko a mishoni alemekezedwe, ndipo ndime 120 inatsegula khomo kwa zoimbira zina kuwonjezera pa limba. Apa ndi pamene pali phunziro la msinkhu. Ng'oma ndi maseche zitalowa m'tchalitchi, amene anazigwira sanali ana okha. Akhristu aakulu, amene anakula akumva kuti ng'oma ndi yachikunja, anayenera kuzoloweretsanso manja awo ali ndi imvi. Ku Balaka, mu 1978, achinyamata a parishi mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici anayambitsa Alleluya Band, ndipo gitala naye analeka kuonedwa ngati wa ku mowa.

Lero m'boma lathu, limene linapatuka ku Mulanje mu 1998, nyimbo zachuluka kuposa kale lonse, koma oimba achepa. Foni ndi wailesi zimatiimbira. Ku kwaya kiyibodi imodzi imachita ntchito ya anthu khumi, ndipo amaidziwa ndi mnyamata mmodzi, amene akapita ku tauni kwaya imasowa pogwira. Akuluakulu tikawafunsa amati zala zinauma. Koma zala zomwezo zimaluka mphasa ndi kusola nandolo tsiku lonse. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, boma loyandikana nafe, anabadwa mu 1930, ndipo mu 2020, ali ndi zaka 90, anaimba pamodzi ndi Patience Namadingo nyimbo zimene zinamveka kutali kunja kwa Malawi. Zoonadi iye anayamba ali mwana, ndipo woyamba ndi zaka 60 sadzafika pamenepo. Sitikufunanso kuti afikepo. Davide poimbira Saulo zeze sanali pa mpikisano. Ankangopepuza mtima wa munthu wovutika, ndipo chigwa chimene chinaona Napolo wa 1991 ndi namondwe Freddy wa 2023 chili ndi mitima yambiri yotere.

Bangwe safuna sitolo. Afuna thabwa lotalika ngati mkono, waya umodzi wautali wopitapita m'timabowo ta ku nsonga zonse ziwiri, timitengo tokweza nsambo iliyonse, ndi chitini. Masabata oyamba nsonga za zala zimapweteka, kenaka zimachita chikanga. Ovuta kupeza ndi womuyang'anira zala, pakuti odziwa kuchuna nsambozo ndi okalamba ndipo atsala owerengeka. M'miphakati yathu ya kwa Nazombe, kwa Mkhumba ndi ku Nkhulambe tiyambe tafunsa amene adakali nacho chipangizochi kudenga.